Ulendo wa ku Lightning Ridge, katauni ka madzi otentha otuluka okha pansi: mafunso ndi mayankho

Mafunso amene anthu amandifunsa za Lightning Ridge, katauni ka ku Australia, amakhala omweomwewo nthawi zonse, ndiye ndaona kuti bola ndingowayankha pamodzi. Ambiri amayambira pa miyala yamtengo wapatali ya opal poti ndiyo inatchukitsa malowa, koma ine aliyense ndimamuuza kuti apite akaone kaye madziwo. Munthu amene unakula ukupopa mjigo, kuona madzi akutuluka okha usana ndi usiku, otentha, pakati pa dziko louma chonchija, zimakukhudza ndithu.

Kodi Lightning Ridge ili kuti kwenikweni?

Ili ku Australia, kumpoto chakumadzulo kwa chigawo cha New South Wales, pansi pa khonsolo ya Walgett Shire. Kuchokera ku Sydney ndi makilomita opitirira 700, ndipo mukapitirira chakumpoto, ola lisanakwane mwalowa kale m'chigawo cha Queensland. Eni nthaka ndi anthu a mtundu wa Yuwaalaraay, amene analipo azungu asanabwere ndi nkhosa zawo. Dera lake ndi louma, lathyathyathya, mitengo yake ifupiifupi, ndipo kulikonse kumene mungayang'ane kuli milu yoyera ya dothi lochokera m'migodi.

Kalembera amapeza anthu cha m'ma 2,000 koma eni ake amati nambalayo ndi yochepa, poti ambiri amakhala m'makampu kutchire ndipo ena safuna n'komwe kuwerengedwa, moti pa chikwangwani cholowera m'tauni, pamene pamayenera kukhala chiwerengero cha anthu anangoikapo chizindikiro cha funso. Za dzinali, nkhani imene amafotokoza ndi yoti m'zaka za m'ma 1870 mphenzi inapha mbusa wina, galu wake ndi nkhosa mazanamazana pa kamtunda komweko.

Mukati madzi otuluka okha, ndiye kuti palibe pampu?

Palibe. Pansi pa dera lonseli pali nkhokwe ya madzi yotchedwa Great Artesian Basin, kukula kwake masikweya kilomita 1.7 miliyoni, kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu a Australia yense. Malawi angalowemo ka 14. Yafika ku Queensland, New South Wales, South Australia ndi Northern Territory.

Zimayenda chonchi. Mvula imagwa kummawa, m'mapiri a Great Dividing Range, n'kulowa mu mwala wamchenga umene umamwa madzi. Mwalawo umapendekeka kulowera pansi chakumadzulo, ndipo pamwamba pake panagona dongo ndi miyala ina yosalola madzi kudutsa, ndiye madzi aja amakhala otsekeredwa, opanikizika, kwinaku ena akuwakankha kuchokera kumtunda. Zili ngati thanki yapansanja, mpopi uli pansi, mukangotsegula madzi amabwera ndi mphamvu chifukwa gwero lili pamwamba. Munthu akaboola dongo lija mpaka kufika pa mwala wamchenga, madzi amakwera okha m'paipi mpaka kutumphukira kunja.

Ndipo musaganize kuti pansipo pali mtsinje kapena nyanja yoti bwato n'kuyendamo ayi, madziwo ali m'timipata ta mwala, amayenda pakati pa mita imodzi ndi mamita 5 pa chaka chathunthu. N'chifukwa chake ena mwa madzi a m'nkhokweyi akatswiri amati akhala pansi zaka pafupifupi 2 miliyoni.

Nanga amatentha chifukwa chiyani? Ndi chimodzimodzi akasupe otentha a ku Nkhotakota kapena ku Chiweta?

Kutenthako gwero lake ndi limodzi, pansi pa dziko mukamapita mwakuya kumanka kutenthera. Kusiyana kwake ndi njira yotulukira. Kwathu kuja madzi amakwera kudzera m'ming'alu ya m'chigwa chachikulu chimene muli Nyanja ya Malawi, pomwe ku Lightning Ridge njirayo anachita kuboola anthu, pafupifupi kilomita yathunthu kupita pansi. Palibe phiri lophulika pafupi ndipo palibe amene amawatenthetsa. M'nkhokwe yonseyi madzi amatuluka otentha kuyambira madigiri 30 mpaka 100 malingana ndi kuya kwa chitsime, moti m'matauni ena a ku Queensland ntchito imakhala yoziziritsa madzi asanafike ku mipopi ya m'nyumba.

Ndiye ndi zachilengedwe kapena ndi zokumba?

Mphamvu yokankha madziyo ndi yachilengedwe, dzenjelo ndi la anthu. Akasupe enieni otuluka popanda wokumba aliponso m'mphepete mwa nkhokweyi, makamaka ku South Australia ndi kumadzulo kwa Queensland, ndipo eni nthaka ankawadalira kwa zaka zikwizikwi poyenda m'chipululu. Azungu anazindikira za madziwa mu 1878 pa famu ya Kallara, kudera la Bourke, ataboola pafupi ndi kasupe wotero madzi n'kukwera okha. Kuchokera apo kunali kuboola basi, chifukwa popanda madziwa ulimi wa nkhosa ndi ng'ombe kuderali sukanapita patali. Zimene zinatsatira ndazifotokoza pa funso lomaliza.

Malo osambirawo ndi otani, ndipo amalipiritsa zingati?

Ndi ulere, ndipo izi zimadabwitsa anthu ambiri chifukwa ku Australia zinthu ndi zodula. Amatchedwa Artesian Bore Baths, ali pa Pandora Street chakunja pang'ono kwa tauni, anatsegulidwa mu 1962 ndipo amayang'anira ndi khonsolo. Amakhala otsegula usana ndi usiku kupatula maola angapo m'mawa masiku ena akamatsuka, ndiye mukafika muwerenge chikwangwani kapena mufunse ku ofesi ya alendo ya pa Morilla Street.

Musayembekezere za hotelo. Ndi dziwe lozungulira lasimenti, lapamtetete, masitepe otsikira ndi zitsulo zogwirira, pambali pali mashawa ndi zimbudzi, basi. Madzi amakhala cha m'ma madigiri 40 mpaka 41 ndipo amangolowa n'kumatuluka nthawi zonse. Mukaponda sitepe yoyamba mapazi amakana kaye, mumaima pamenepo kudikira, kenako mawondo, kenako m'chiuno, mpaka mwakhala pansi madzi ali m'khosi. Amamveka oterera pakhungu ngati mwadzola sopo chonsecho mulibe, ndipo pamakhala kafungo ngati ka dzira lophika, mphindi zingapo mphuno zazolowera.

Nthawi imene ine ndimaikonda ndi mbandakucha mu June kapena July, mpweya ukuzizira, nthunzi ili tolotolo pamwamba pa dziwe moti munthu wa tsidya linalo mukungomumva mawu. Madzulo ndiye kumabwera a m'migodi, fumbi loyera lili m'makutu ndi m'nsidze, amayamba asamba ku shawa kenako n'kudzakhala m'madzimo kumacheza ndi madala opuma pantchito amene amayenda ndi makalavani. Amati m'tauni muno muli anthu ochokera m'maiko opitirira 50, ndipo m'dziwemo mumamvadi zilankhulo zosiyanasiyana. Mukangonena kuti ndinu a ku Malawi konzekani kufotokoza kuti kuli kuti.

Amuna ndi akazi amalowa limodzi? Tivale chiyani?

Limodzi, dziwe ndi lomwelo, agogo, achinyamata, onse. Ndikudziwa kuti kwa ife amene tinazolowera kuti kumtsinje amuna kwawo akazi kwawo zimavuta poyamba, makamaka ngati mwayenda ndi apongozi, ndiye mukhoza kungosinthana nthawi poti malowo satseka. Palibe amene amavula, aliyense amavala zosambira. Amayi ngati simuli omasuka valani kabudula wofika m'mawondo ndi tisheti yopepuka, chitenje chikhale chofunda potuluka, palibe amene akuyang'aneni. Tengani thaulo, mapatapata, botolo la madzi akumwa lapulasitiki, ndi tochi ngati mukupita usiku. Mphete ndi ndolo zasiliva zisiyeni kuchipinda, madzi oterewa amazidetsa.

Dziwelo ndi longokhalamo. Sopo, shampu, kudzitsuka ndi chinkhupule, zonsezo ndi za ku shawa musanalowe, ndipo kuchapa zovala ndiye ayi ndithu. Mowa ndi mabotolo agalasi zisafike pamenepo.

Ndingakhalemo nthawi yaitali bwanji? Nanga ana, amayi oyembekezera, odwala BP?

Apa ndipempha mumvetsere chifukwa anthu amatengeka. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwana, tulukani, khalani pambali mumwe madzi, thupi likazizira mubwereremo. Madzi otentha amatsegula mitsempha, magazi amatsika mphamvu, ndiye munthu amaimirira mwachangu n'kumva chizungulire, pansi pali simenti yonyowa. Dzukani pang'onopang'ono mutagwira chitsulo. Palibe wopulumutsa anthu amene amakhalapo, ndiye usiku musapite nokha.

Amayi oyembekezera, odwala mtima, a BP ndi a shuga, funsani adokotala musananyamuke, ndipo kwa oyembekezera ine ndinganene kuti ingoviikani miyendo. Ana aang'ono amatenthedwa msanga kuposa akulu, asakhalitse, ndipo maso anu asachoke pa iwo. Chinanso, mutu usamire ndipo madzi asalowe m'mphuno. M'madzi ofunda mumatha kukhala kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, sikapezekapezeka koma kakalowa kudzera m'mphuno n'kufika ku ubongo nthawi zambiri munthu sapulumuka, n'chifukwa chake a zaumoyo kumeneko amachenjeza. Nambala ya ngozi ku Australia ndi 000, ndipo m'tauni muli kachipatala.

Ndi zoona kuti madziwa amachiritsa nyamakazi?

Anthu ambiri achikulire amabwera chaka chilichonse chifukwa akuti mawondo ndi msana zimapepuka, ndipo sindikuwatsutsa, kutentha kumamasula minofu, tulo take tausiku umenewo timakhalanso tokoma. Koma kupepukidwa ndi kuchira ndi zinthu ziwiri. Musasiye mankhwala amene anakupatsani kuchipatala, ndipo ngati muli ndi bala losapola musalowe, podziteteza inu ndi anzanu omwe.

Kodi amamweka?

A m'dziwe ayi. A ku mpopi m'tauni amachokeranso pansi pomwepo ndipo anthu amagwiritsa ntchito, kungoti ali ndi mchere wa sodium wochulukirapo, kakomedwe kake n'kachilendo, kafungo kaja kamakhalaponso, n'chifukwa chake nyumba zambiri zili ndi thanki ya madzi amvula kapena amagula a m'mabotolo. Vutoli si laling'ono kuderali. Nthawi ya chilala cha 2018 ndi 2019 mitsinje itauma, tauni ya Walgett inadalira madzi apansi okhaokha, ndipo akuluakulu a eni nthaka a Dharriwaa Elders Group anadandaula poyera za mcherewo, poti anthu ambiri kumeneko akudwala kale impso, mtima ndi shuga. Kwa inu a masiku awiri atatu funsani kumene mukugona kuti akumwa ndi ati.

Mwezi wabwino kupita ndi uti?

Kuyambira April mpaka September. Nyengo zake zimayendera limodzi ndi zakwathu, June ndi July ndi kozizira, usana kadzuwa kabwino koma usiku juzi ndi chipewa zimafunika. December mpaka February ndi ng'anjo, madigiri amadutsa 40 mosavuta, ntchentche zili pankhope, ndipo kulowa m'madzi otentha nthawi imeneyo n'kotheka usiku wokha. Kumapeto kwa July kumakhala Opal Festival ndipo pa Isitala pamadzazanso, malo ogona sungitsiranitu.

Ndingafike bwanji kuchokera ku Sydney?

Pa galimoto ndi maola 8 kapena 9 osawerengera kupuma, kudutsa Blue Mountains, Mudgee, Gilgandra, Coonamble ndi Walgett, kutsata Castlereagh Highway, tala yekhayekha. Kuchoka pa Walgett kwatsala makilomita 75. Mukaona chinthu chachitali ngati nthiwatiwa chitaima m'mbali mwa msewu, ameneyo ndi Stanley, mbalame ya emu yachitsulo yotalika mamita 18 imene anaiganiza ndi wojambula John Murray, dziwani kuti mwayandikira. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu. Koma chonde musayende dzuwa litalowa kapena mbandakucha, makangaru amadumphira mumsewu mosayembekezereka ndipo m'mbali mwa msewumo mudzaona nokha mitembo yake kuchuluka. Petulo thirani tauni iliyonse imene mwapeza, musadikire geji itsike.

Opanda galimoto, kwerani sitima ya NSW TrainLink m'mawa pa siteshoni ya Central ku Sydney kupita ku Dubbo, pamenepo pamakhala basi yolumikiza mpaka ku Lightning Ridge, mumafika usiku. Tikiti yake mumagula imodzi. Vuto ndi loti mukafika zinthu zili patalipatali, ndiye mungadalire maulendo okonzedwa ndi makampani a alendo a m'tauni momwemo.

Nanga wochokera ku Malawi kapena ku Zambia ayambire pati?

Viza kaye. Ya alendo imatchedwa Visitor visa subclass 600, mumafunsira pa intaneti kudzera pa ImmiAccount, ndipo yambani kudakali miyezi. Ndege ya Qantas imachoka ku Johannesburg mpaka ku Sydney osaima. Gulani inshulansi ya zaumoyo chifukwa mlendo amalipira yekha kuchipatala ndipo si ndalama zamasewera. Kunena zoona sindingauze munthu kuti awoloke nyanja chifukwa cha dziwe limeneli lokha, koma ngati mwabwera kudzaona ana, kusukulu kapena kuntchito, patulani masiku anayi.

Za usipa, ufa, mtedza ndi mankhwala azitsamba m'chikwama, pabwalo la ndege amakhwimitsa kwambiri. Chilichonse chodyedwa chilembeni pa khadi limene amapereka mundege, akachikana amangotaya, koma mukabisa n'kukupezani chindapusa chake n'chowawa ndipo viza ikhoza kuthera pomwepo.

Kogona, chakudya ndi netiweki zili bwanji?

Kuli mamotelo, tinyumba tochita lendi ndi malo oimika makalavani, ena ali pafupi ndi dziwe moti mumangoyenda wapansi thaulo lili paphewa. Supamaketi ilipo, ndipo chakudya chamadzulo ambiri amakadya ku Bowling Club. Makhitchini amatseka msanga, musachedwe. Foni m'tauni imagwira, netiweki ya kampani ya Telstra ndiye yodalirika, koma mukalowa kutchire imatha, ndiye uzani munthu kumene mukupita ndipo m'galimoto musasowe madzi.

Kupatula kusamba, kuli chiyani china choona?

Opal wakuda, amene mu 2008 anasankhidwa kukhala mwala woimira New South Wales. Migodi inayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ndipo dzina limene mudzalimva kawirikawiri ndi la Charlie Nettleton, mmodzi wa oyamba kukumba ndi kugulitsa. Chosangalatsa n'choti opal ndi madzi aja nkhani yake ndi imodzi, miyala imene muli opal ndi ya pamwamba pa nkhokwe yomwe ija, inaunjikana zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo kuderali kuli mitsinje yothira m'nyanja. Ndiye a m'migodi amatha kufukula chigoba cha nkhono, dzino kapena fupa la dinosaur zitasanduka opal, zina mukhoza kuziona ku Australian Opal Centre.

Pozungulira kuona malo, zolozera njira ndi zitseko za magalimoto akale zopentedwa, zokolekedwa m'mitengo, mumatenga mapu ku ofesi ya alendo n'kumatsata mtundu umodzi, zofiira, zobiriwira, zachikasu kapena zabuluu. Pitani ku Chambers of the Black Hand, mgodi umene Ron Canlin anasema zithunzi mazanamazana m'makoma ake, ndi ku Amigo's Castle, chinyumba chamiyala chimene Vittorio Stefanato anamanga ndi manja ake kuyambira m'ma 1980. Amene muli ndi tsiku lapadera pitani ku migodi ya opal ya ku Grawin, Glengarry ndi Sheepyard, ulendo wa ola limodzi, koma kukagwa mvula musayerekeze, dothi lakuda la kumeneko limagwira matayala.

Ndingatole opal ndekha?

Pa mulu umene anathira pa ofesi ya alendo, inde, ndi waulere ndipo ana amakondwa nawo. Zambiri zimene mupeze ndi potch, opal wopanda mitundu amene alibe mtengo, koma nyowetsani kamwalako n'kukatembenuza padzuwa, mwina mwayi n'kukugwerani. Kwina kulikonse malo ali ndi eni ake. Kulowa mu mgodi wa munthu kukaba amakutcha ratting ndipo m'tauni muno palibe mlandu umene amadana nawo kuposa umenewo. Komanso maenje ambiri ndi osatseka, ena akuya mamita 20 kapena kuposa, ndiye osayenda chobwerera m'mbuyo pojambula, osayenda mumdima, mwana akhale padzanja.

Kuli matauni ena a madzi otere pafupi?

Alipo angapo ndipo njira yowalumikiza amaitcha Great Artesian Drive. Walgett, Goodooga, Burren Junction, Pilliga, Boomi, Mungindi ndi Moree onse ali ndi maiwe awo. La ku Pilliga ndi lofunda chabe, madigiri 37, labwino kwa amene a ku Lightning Ridge awatenthera. La ku Burren Junction amalitseka nyengo yotentha.

Moree ndi tauni yokulirapo, madzi ake anawapeza mu 1895, ndipo ili ndi mbiri imene munthu wakuda aliyense ayenera kuidziwa asanalowe m'madzimo. Kwa zaka zambiri khonsolo inkaletsa eni nthaka kusambira m'dziwe la tauniyo. Mu February 1965 ophunzira a pa University of Sydney motsogozedwa ndi Charles Perkins anabwera pa basi, ulendo umene umadziwika kuti Freedom Ride, anatenga ana a eni nthaka n'kukaima nawo pakhomo la dziwelo, anthu akuwagenda ndi mazira ndi tomato. Anali atadzera kale ku Walgett kumene anatsutsa kalabu ya asilikali akale yokana anthu akuda. Izi si zakale kwambiri, ena mwa ana aja adakali moyo.

Madzi akungotuluka usana ndi usiku chonchi, sadzatha?

Funsoli ndi limene ndimafuna anthu azifunsa. Madziwo ndi ambiri zedi, akuti makyubiki kilomita pafupifupi 65,000, ndiye kuuma kwenikweni si lero. Chimene chimatha msanga ndi mphamvu yowakankha ija, chifukwa monga ndanenera pa funso lachiwiri olowa amayenda mamita ochepa pa chaka pomwe otuluka amathamanga.

Alimi akale akaboola ankangosiya chitsime chikhavukira mu ngalande zapamtunda zotalika makilomita ambirimbiri kuti nkhosa zizimwa, ndipo madzi opitirira 90 pa 100 aliwonse ankathera padzuwa ndi m'dothi osamwedwa n'komwe. Cha m'ma 1915 madzi otuluka anafika pachimake kenako anayamba kutsika, zitsime zambiri zinasiya kukwera zokha n'kuyamba kufuna pampu, ndipo akasupe achilengedwe ambiri anauma, ena mwa iwo malo opatulika a eni nthaka, ena okhala ndi tinsomba ndi tinkhono tosapezeka kwina kulikonse padziko. Izi zimandiwawa chifukwa kasupe wotero akauma zamoyo zakezo sizibwereranso.

Mu 1999 boma la Australia pamodzi ndi maboma a zigawo anayambitsa pulogalamu ya Great Artesian Basin Sustainability Initiative, yothandiza alimi kuika zotsekera pa zitsime ndi kusintha ngalande kuti zikhale mapaipi opita m'mathanki ndi m'zomwera ziweto. Zitsime mazanamazana zinatsekedwa ndipo m'madera ena mphamvu yayamba kubwerera, ngakhale zina zidakangotayabe, komanso pali mikangano yokhudza migodi ndi makampani a gasi amene amafuna madzi omwewo. Mukamayenda pakati pa Coonamble ndi Walgett kapena kupita ku Grawin, yang'anani m'mafamu, mathanki ndi zomwera zimene muzione zambiri zinalowa m'malo mwa ngalande zija, ndipo mukapeza mlimi wachikulire m'dziwe mufunseni kuti chitsime cha pa famu yake chinkatulutsa bwanji ali mwana ndipo pano chikutulutsa bwanji.